Mtanda Umene Harasym Anajambula pa Masalimo

"Mwandimva, mdala? Onufry akakutambasulirani pepala, manja m'thumba."

Paraska ananena mawu amenewa Lamulungu m'mawa akumanga mpango kumutu. Anawabwerezanso ali m'galimoto, fumbi likulowera pa zenera losweka, ndipo anawanena kachitatu pa geti la tchalitchi cha ku Verbova. Mwamuna wake, Harasym Tkachyk, anangoyankha ndi mphuno. Zaka makumi anayi ndi chimodzi za banja zinamuphunzitsa kuti machenjezo a Paraska ali ngati udzudzu wa mwezi wa Juni, ukati uphe mmodzi pabwera khumi. Anamuchenjezapo za chitsime, za ng'ombe yamphongo, za bowa, za kuyetsemula uli pa makwerero. Koma munthu wochenjeza kawirikawiri amakhala kuti tsiku lina walondola, ndipo vuto lake tsikulo silidziwika.

Chinali chaka cha 1962, ndipo chigawo chonse cha Saskatchewan chinali phokoso lokhalokha. Boma linali litakhazikitsa lamulo loti kuyambira pa 1 Julaye wodwala asamalipirenso dokotala ndi dzanja lake. Anthu onse aziponya m'thumba limodzi, thumba lomwelo lizilipira madokotala onse. A pa wailesi ankati wolipira mmodzi. Madokotala anakana kwamtuwagalu, nati lamulolo likangoyamba iwo atseka zitseko. Anthu anagawikana mpaka m'mabanja, ena osapatsana moni pa sikelo ya tirigu.

Harasym nkhaniyi sinkamulowa. Anafunsa mwana wake wamkazi Teklya, amene ankagulitsa m'sitolo ya kopaletivi ndipo ankawerenga Chingelezi ngati akumwa madzi.

"Mmodzi wolipirayo ndani? Ali ndi munda waukulu bwanji?"

"Ndife tonse, tato," anatero Teklya, kutchula bambo m'chinenero cha makolo awo.

"Tonse?"

"Tonse pamodzi ndiye mmodziyo."

"Iwe, za Utatu Woyera uziwasiyira ansembe. Ine ndafunsa dzina la munthu."

Lamulungu limenelo kunali mphepo ija yochotsa zipewa. Mapemphero atatha azimayi analowa m'holo kukatenthetsa kabichi, amuna anatsala pa masitepe. Onufry Balaban anatuluka pomalizira, buku lili m'khwapa, pepala lili m'manja. Onufry ndiye ankatsogolera nyimbo m'tchalitchi, ndipo ndi amene ananyamula Teklya pa ubatizo. Chifukwa cha zimenezo iye ndi Harasym ankaitanana kuti kume, ndipo kum wako sumukanira chinthu pagulu.

"Kume, dzanja lanu lija anakulumikizani dokotala uti chaka cha dzombe?"

"Penrose. Ndingaiwale bwanji, chisanu chikamabwera limandikumbutsa lokha."

"Ndiye mukufuna Penrose achoke? Atibweretsere wa boma, wotoledwa kudzala la ku Ulaya, azidzakuitanani ndi nambala ngati ng'ombe ya pa msika?"

"Ndani wanena kuti achoke?"

"Mwana wanu ndi anzake a kopaletivi. Mtsikana amene ndinamunyamula ndekha, anandikodzera pa suti ya ukwati, lero akuti Onufry ndi mbuli."

Amuna anaseka. Harasym anayang'ana pepala lija. Zilembo za Chingelezi kwa iye zinali ngati mapazi a nkhuku pa matope.

"Palembedwa chiyani apa?"

"Palembedwa kuti dokotala wathu ndi Penrose, wa boma sitimufuna. Basi. Mukuopa chiyani, kapena a mayi sanakupatseni chilolezo?"

Kuseka kunabukanso. Pepala linkaphaphama ndi mphepo, ndiye Onufry analiyala pamwamba pa buku lija n'kulipsinja ndi chala. Harasym anatenga cholembera, nanyowetsa nsonga ndi lilime, najambula mtanda wake, umene ankajambula ku banki ndi ku sikelo. Onufry atachotsa pepala, m'pamene Harasym anaona chimene chinali pansi pake. Linali buku la Masalimo, lija la ngodya zamkuwa, limene makolo anabwera nalo kuchokera kwawo kutsidya la nyanja.

 Mtanda, pamwamba pa Masalimo, pakhomo la tchalitchi, m'kamwa mukadali kukoma kwa Mgonero umene anali atangolandira. Ngati limenelo si lumbiro, lumbiro ndi chiyani? Bambo ake ankasimba za munthu wa m'mudzi wawo wakale amene analumbira pa buku loyera za malire a munda, kenaka n'kusintha mawu. Sipanathe chaka, lilime linamuuma m'kamwa ngati chikopa. Zinthu zimenezi si zoseweretsa, anthu inu, buku silifunsa ngati munkadziwa.

Anakwera galimoto kubwerera kwawo. Paraska anamuyang'ana lilime, naona kadontho ka utoto wa cholembera, nadzilemba mtanda.

"Mwajambula."

"Ndajambula."

"Pa chiyani?"

Atamuuza, Paraska sanakalipe. Zimenezi zinamuopsa Harasym kuposa kukalipa kulikonse.

Lachiwiri masana akukonza khola la nkhumba, anaponda thabwa. Msomali unaboola nsapato n'kulowa pansi pa chala chachikulu cha phazi lamanzere. Chodabwitsa sanamve kuwawa kwenikweni. Mapazi akewo anali atayamba kale kuchita dzanzi, ndipo ludzu linkamuvuta, koma zimenezo ankati ndi ukalamba. Anazindikira poona kuti thabwa likumutsatira.

Paraska anamuvula nsapato, natsuka bala ndi kachasu wa tirigu, nanunkhiza msomali.

"Wa dzimbiri, wa m'ndowe za nkhumba. Lizani galimoto, mupite kwa Penrose lero lomwe akadalipo."

"Lero ndi madola atatu. Lamulungu likadutsa alipira mmodzi uja."

"Dzana mwakana lamulolo pa Masalimo, lero mukulidikira?"

"Ndinakana dokotala wa boma, mayi iwe. Ndalama za boma sindinazikane. Penrose andipime, mmodziyo alipire. Aliyense akondwe."

"Nanga Penrose akatseka?"

"Atseka bwanji ine nditamujambulira mtanda kuti akhale?"

"Pakadafunda padajiwitsa galu," anatero Paraska, akumanga anyezi wowotcha pabalapo.

Harasym anadikira. Anatchetcha udzu wa ng'ombe masiku atatu akutsimphina. Lolemba linali tchuthi cha dziko, ndiye anapita m'tauni Lachiwiri, phazi litatupa kotero kuti anavala nsapato ya mphira ya nthawi ya chisanu. Pa khomo la Penrose panali pepala lokhomedwa ndi misomali inayi. Panalinso mayi wina ndi mwana wotsokomola, ndi nkhalamba ina ya Chijeremani itagwira tsaya. Onse ankangoyang'ana pepalalo. Harasym anavula chipewa nakhala pa sitepe pafupifupi ola lathunthu, poganiza kuti mwina palembedwa zoti dokotala wapita kukadya. Kenaka anatsimphina mpaka ku sitolo kukatenga Teklya.

Teklya anawerenga mokweza. "Patsekedwa mpaka boma litachotsa lamulo lake. Odwala mwakayakaya apite ku chipatala cha mumzinda."

"Iyeyo ali kuti?"

"Akuti wapita kukawedza ku Manitoba."

"Kukawedza? Koma ine ndinajambula kuti akhale."

"Munajambula anthu mazana anayi, tato."

"Ndiye wachokeranji?"

"Kuti mumufune kwambiri."

Harasym anautembenuza mutu umenewu uku ndi uku koma sanaupeze pogwira. Boma linkati likufuna aliyense aone dokotala, ndiye dokotala wasowa. Dokotala ankati akumenyera odwala ake, ndiye wawasiya pa sitepe. Teklya anayang'ana nsapato ya mphira ija m'mwezi wotentha nakwinya nkhope.

"Phazi latani?"

"Kaminga."

"Tamverani. Sabata yamawa kukubwera dokotala pa ndege kuchokera ku Mangalande. Tamukonzera m'nyumba muja munali ometa tsitsi. Mudzakhale woyamba."

"Wa boma?"

"Si wa boma. Tamuitana ndife, mabenchi takhoma tokha. Boma lizingomulipira."

"Ndiye ndi wa ndani?"

"Wathu!"

"Koma wanena kuti boma ndife tonse."

"Eya."

"Ndiye ndi wa boma."

"Tato, mukundipweteketsa mutu."

Za lumbiro sanamuuze. Ana ophunzira amaseka zinthu zimene sayenera kuseka, ndipo kuseka lumbiro kumagwera wosekayo.

Sabata imeneyo phazi linafiira mpaka m'kakolo. Paraska anayesa masamba a m'mbali mwa njira, anayesa mafuta a nkhumba opanda mchere, anayesa mkate wotafuna. Wailesi ya kukhitchini inkangobwebweta. M'mawa kunkayankhula munthu wonena kuti lamuloli ndi chiyambi cha ukapolo, kuti mawa boma lidzatenga minda monga linachitira kwawo kuja kutsidya la nyanja. Harasym ankagwedeza mutu kuvomereza, poti msuweni wake anafa ndi njala m'zaka za minda ya boma. Masana kunkayankhula wina wonena za ana amene anafa m'zaka za chilala chifukwa makolo analibe dola yoitanira dokotala. Harasym ankagwedezanso mutu, poti mwana wawo woyamba anagona m'manda a kuseri kwa tchalitchi pa chifukwa chomwecho. Pofika madzulo sankadziwanso kuti wavomera zingati.

"Tiyeni ku chipatala cha mumzinda," anatero Paraska. "Pepala la Penrose lomwe latero."

"Kumeneko kuli a mtundu uti?"

"Madokotala."

"Dzulo a wailesi amati boma latumizako ake ena. Amavala zoyera onse. Ndikawasiyanitsa bwanji?"

"Mukafunse musanavule nsapato."

"Akakugoneka pa kabedi ka mateyala kaja sufunsanso. Udzuka wakugwira kale wina."

Paraska sanatsutse, chifukwa lumbirolo nayenso linkamuopsa. Iye ankaona njira imodzi yokha, yoti wansembe wawo, Bambo Lavrenty, alimasule. Koma Bambo Lavrenty ankasamalira matchalitchi asanu, ndipo ku Verbova ankafika pakatha milungu inayi. Paraska anapukusa telefoni ya pakhoma. Waya wake unali umodzi wa mabanja khumi ndi awiri, ndipo belu likalira kwa mmodzi linkalira kwa onse. Asanayankhe a ku nyumba ya ansembe anamva kuti kwatsa, kwatsa, kwatsa, anthu akunyamula. Anamva kulira kwa wotchi yolira ngati mbalame ya kwa Balaban, anamva kupuma kwa mphumu kwa mkazi wa mnansi wawo Sawchyn.

"Ikani pansi, ndamva wotchi yanu, kuma!" anakuwa Paraska kuuza mkazi wa Onufry.

Wotchi inapitiriza. Harasym anakupiza manja ali pa benchi. Za chivomerezo cha machimo pa waya wa makutu makumi awiri ndi anayi? Ndi bwino akazilengeze ali pamwamba pa nsanja ya tirigu. Mkazi wa wansembe atayankha (ansembe a mpingo wawo amakwatira), Paraska anangofunsa kuti Bambo abwera liti.

"Pa 22, monga mwa nthawi zonse. Pano ali kumpoto, maliro awiri ndi ukwati. Kwagwanji?"

"Palibe. Timafuna adalitse njuchi."

Tsiku lotsatira mudzi wonse unadziwa kuti kwa Tkachyk njuchi zikufa.

Lachitatu la sabata yachiwiri, m'mawa, Onufry anaima pakhomo ndi galimoto yake yaikulu yobiriwira. Anali pa ulendo wa ku likulu, kumene otsutsa lamulo ankakasonkhana, ndipo pa denga anamangapo chikwangwani. Harasym anabisa phazi pansi pa tebulo nalifunditsa chikhoti. Paraska anali atawotcha adyo dala kuti aphimbe fungo.

"Kwerani, kume, malo alipo. Tikawaonetse kuti alimi si nkhosa."

"Udzu sunaume."

"Udzu! Ufulu ukupita inu mukuti udzu. Mwamva kuti wa ndege uja wafika? Kamnyamata kandevu, nsapato zoonetsa zala ngati mtumwi. Akuti kwawo ankapima akavalo."

"Teklya akuti si wa boma."

"Amene adyetsa galu ndiye mwini galu."

Harasym anakonza chikhoti chija. Anafunsa motsitsa mawu, maso ali pa tebulo.

"Kume, chija tinachita pa masitepe chija. Linali lumbiro?"

Onufry anaseka mpaka mano agolide kuonekera, namumenya paphewa. "Lumbiro ndithu! Lalikulu! Mwamuna akajambula wajambula. Mwayamba kufewa? Mwana wakunyengererani?"

"Ayi, ndimangofunsa."

"Ndikadzakuonani pa benchi ya wandevuyo ndidzakuimbirani nyimbo ya maliro muli moyo."

Anamwa khofi wake ataimirira natuluka akuimba mluzu. Harasym anayang'ana Paraska. Mwini buku anali atanena yekha.

Amene anaulula kwa Teklya anali mayi ake. Anapita ndi zonona ku tauni, nalira kuseri kwa matumba a shuga. Loweruka masana lole ya mwamuna wa Teklya inalowa pabwalo, ndipo munatsika munthu wamtali wandevu, chikwama chakuda chili m'manja. Harasym anamuonera pa zenera. Sanadziwe yekha kumene anapeza mphamvu, koma anadumpha ndi mwendo umodzi kutulukira khomo la kuseri, nalowa m'nkhokwe ya tirigu, nakoka mpiringidzo.

"Tato, tsegulani!"

"Mulibe munthu muno."

"Munthuyu wasiya odwala pa benchi chifukwa cha inu."

"Abwerere kwa iwowo. Iwo sanajambule."

"Lija si lumbiro, tato, ndi pepala la madandaulo! Likakhala m'kabati ku likulu mpaka mbewa zilidye."

"Usatukwane, iwe. Unalipo? Unaliona buku?"

Dokotala anayankhula Chingelezi chake chofewa, Teklya namasulira. Akufunsa kuti chala chili ndi mtundu wanji. Harasym anaganiza kaye. Kuyankha dokotala wa boma ndi kupimidwa kodi? Nanga kuyankha mwana wako?

"Uwauze mayi ako kuti chada ngati maula."

"Akufunsa ngati chikuwawa."

"Uwauze mayi ako kuti chinasiya kuwawa, ndiye kuti chikupola."

 Kenaka dokotala anayankhulanso, mofulumira tsopano.

"Akufunsa ngati mumamva ludzu kwambiri. Ngati mumakodza pafupipafupi."

"Taona! Onufry ananena. Ayamba kale kulemba za mikodzo ya anthu."

"Tato!"

"Mayi ako akudziwa, chidebe amataya ndi iwo."

Dokotala anagwada nasuzumira pa mng'alu wa matabwa. Harasym anaona diso lobiriwira likuphethira, nakokera phazi kuseri kwa thumba, koma fungo silibisika kuseri kwa thumba. Munthuyo anaimirira nanena mawu ochepa, ndipo Teklya anamasulira.

"Akuti muli ndi matenda a shuga, ndipo chalacho chafa. Akuti mukapita ku chipatala lero mutaya chala chokha. Akuti iyeyo sakhudzani ngati simukufuna, koma mupite. Kwa aliyense."

"Mufunse kuti iyeyo ndi wa ndani."

Teklya anafunsa. Dokotala anaseka pang'ono, kuseka kotopa.

"Akuti m'tauni anamuboolera mateyala ponena kuti ndi wa boma, ndipo a boma sanamupatse chilolezo cholowa m'chipatala. Akuti mukadziwa mumuuze."

Harasym anakhala pa thumba la tirigu thukuta lili kamukamu. Pa mng'alu ankaona Paraska ataima pakati pa bwalo, manja atakulunga m'epuloni, milomo ikuyenda. Chala ndi chala. Koma lilime louma ngati chikopa, ndi moyo wa kutsidya kwa manda? Ndipo tsoka la lumbiro losweka silisankha, likhoza kulumpha iye n'kugwera Teklya kapena ng'ombe. Anawerenga pa zala za m'manja. Kuchokera Loweruka ili kufika pa 22 anali masiku asanu ndi atatu.

"Masiku asanu ndi atatu okha. Bambo akamasula ndipita ndekha, ngakhale kwa wa akavaloyu."

Teklya anamenya chitseko ndi zibakera mpaka kutupa. Mwamuna wake anati athyole, koma Paraska anaima pakhomo, nati munthu womukoka ngati nkhumba akafera m'njira ali ndi lumbiro pakamwa, adzayankha ndani? Dokotala anasiya kabotolo ka mapiritsi pa chitsa chowazira nkhuni, nati amwe anayi pa tsiku, ngakhale kuti mapiritsi saukitsa chakufa. Lole itapita, Harasym anatuluka nalizungulira botolo lija osalikhudza.

"Awa walipira ndani?"

"Akuti ndi a m'chikwama chake," anatero Paraska.

"Chikwamacho anagula ndani?"

Paraska anatola botolo naliika m'thumba la epuloni. Kuyambira tsiku limenelo chambiko cha Harasym chinkawawa. Iye sanafunse, mkazi wake sananene, ndipo onse awiri ankaona ngati tchimolo likagawidwa choncho lichepa. Malungo anatsika masiku awiri n'kubweranso. Kuda kuja kunachoka pa chala kunka pa chinzake, kenaka pamwamba pa phazi, ndipo mzere wofiira unayamba kukwera m'katumba. Harasym ankagona pa benchi pansi pa mtengo, ntchentche zikumuzungulira, akumva wailesi kudzera pa zenera. Ankamva kuti akuluakulu akumana, kenaka kuti sanakumane, kenaka kuti kwabwera mkhalapakati wochokera kutali. Nthawi zina ankaona ngati akukangana za phazi lakelo, kuti ndi la boma kapena la Penrose.

Pa 22 anamugoneka pa matiresi kumbuyo kwa lole. Anafika ku tchalitchi belu lisanalire, ndipo amuna awiri anamunyamula mpaka pa mpando wa pafupi ndi guwa. Bambo Lavrenty, munthu wamfupi wa mpweya wochepa, anali akuvala mikanjo. Anamufunditsa nsalu ya chivomerezo kumutu naweramira pansi.

"Nena, mwana wanga."

"Ndinalumbira, Bambo, ndipo ndikupempha mundimasule."

"Unalumbira chiyani?"

"Kuti dokotala wa boma asandikhudze."

"Kwa yani?"

Harasym anafotokoza zonse, mphepo, pepala, mtanda, ngodya zamkuwa, Mgonero. Wansembe anatukula nsalu ija namuyang'ana kumaso.

"Pepala la Onufry? Harasym, limenelo ndinasaina inenso."

"Inu, Bambo?"

"Ndi la a kopaletivi lomwe. Onse awiri. Ndili ndi matchalitchi asanu, ukufuna andiwotchere angati?"

"Koma buku lija."

"Onufry amadulira soseji pa buku limenelo, ndamukalipira kangati. Unakweza zala? Unatchula dzina la Mulungu? Unapsompsona?"

"Ayi."

"Ndiye ndimasule chiyani? Palibe mfundo apa."

"Ngakhale pang'ono, Bambo? Mungomasulako."

Wansembe anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma mphuno yake inagwira chimene lubani ankabisa. Anawerama, natukula chikhoti chimene chinali pa mwendo, nabwerera m'mbuyo mpaka kugunda choikapo makandulo.

"Onufry! Siya nyimbozo, bwera kuno!"

Onufry anabwera buku lili m'manja. Ataona phazi, nkhope yake inayera ngati ufa.

"Kume, chimenechi n'chiyani? Chayamba liti?"

"Munati linali lumbiro."

"Ine? Liti?"

"Pa khofi. Munati lalikulu."

"Ndimaseka, kume! Mayo ine, ndimaseka! Mkazi wanga yemwe anapita kwa wandevuyo Lachinayi, wolowera khomo la kuseri."

Harasym anamuyang'ana, nayang'ana wansembe, nayang'ana Teklya amene ankalira atatsamira khoma. Ankafuna wina amufotokozere bwinobwino kuyambira pachiyambi, pang'onopang'ono, koma panalibe nthawi. Mapemphero anaimitsidwa. Anamuika pa mpando wa kumbuyo wa galimoto yobiriwira, mutu uli pa miyendo ya Paraska, ndipo Onufry anayendetsa mamayilosi makumi asanu ndi awiri akulira ndi kutukwana boma, kenaka Penrose, kenaka iye mwini. Chikwangwani chija chinali chikadali pa denga, chikugubuduka ndi mphepo.

Ku chipatala anamugoneka pa kabedi ka mateyala. Dokotala wa maso ofiira ndi tulo anadula nsanza ndi lumo, nayang'ana, naitana mnzake. Harasym anakoka dzanja la Teklya.

"Mufunse kuti ndi wa mbali iti."

"Zilibenso ntchito, tato."

"Ndingodziwa."

Teklya anafunsa, koma dokotala sanatukule n'komwe mutu. Ankajambula mzere ndi cholembera pa khungu, zala zinayi pansi pa bondo, akuuza namwino za magazi.

Anamuchita opaleshoni Lolemba m'mawa. Atatsitsimuka masana anamva anthu akuomba m'manja m'khonde, ndipo anaganiza kuti mwina kwabadwa mwana. Namwino wina wolankhula chinenero chawo anamuuza kuti wailesi yangolengeza kumene, boma ndi madokotala agwirana chanza, sitiraka yatha.

"Wapambana ndani?" anafunsa Harasym.

"Onse akuti apambana, agogo."

Harasym anati akande chala chachikulu chimene chinkamuyabwa. Dzanja linatsika pa bulangete, linadutsa bondo, n'kugwera pa matiresi.

Penrose sanabwerere ku Verbova. Anatumiza lole kudzatenga mipando yake, ndipo anthu anamva kuti watsegula kwina ku Alberta. Harasym anatuluka m'chipatala tirigu atacha, ndipo amene anakolola anali mkamwini wake. Nkhumba anagulitsa chisanu chisanafike, poti ndodo zinkaterera m'khola, ndipo chaka chotsatira iye ndi Paraska anasiya munda n'kusamukira m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya Teklya.